Celica ya Yona pa Masamba a Maliro

Galimoto ija Yona anaipeza ku Zingwangwa, kuseri kwa nyumba ya mkulu wina wopuma pantchito, itakhala pa njerwa, nkhuku zikuikira mazira pampando wakumbuyo. Inali Toyota Celica yakalekale, ya zitseko ziwiri, yopangidwa iye asanabadwe. Amakaniko anzake a pagalaja ku Ndirande atamuona akuikoka ndi chingwe anati wagula khola.

Brenda, chibwenzi chake, sanaseke nawo. Iye ntchito yake ndi yosoka makatani ndi masofa, ndipo mipando ya Celicayo anaisoka ndi iyeyo, chikopa chakuda, ulusi wofiira. Anaiona galimotoyo ikudzuka pang'onopang'ono, dzimbiri likupalidwa, mabowo a pansi akuwotchereredwa, kenako penti wa mtundu wa lalanje. Zipangizo zina Yona ankaitanitsa ku Japan pa intaneti, zina zinkabwera pa basi ya ku Joni zitakulungidwa m'mabulangeti. Anaika marimu otambalala a matayala, makabuleta awiri opatsa injini mphamvu, ndi masipuling'i aafupi amene anaitsitsa mpaka mimba yake kutsala pang'ono kukhudza pansi. Pomaliza anachotsa sailensa, yochepetsa phokoso la injini, n'kuika paipi ya utsi yonyezimira, yaikulu yoti mkono wa munthu n'kulowamo.

Paipiyo inali ndi khalidwe lake. Ukaponda moto inkabangula. Koma ukachotsa phazi kuti uchepetse liwiro, inkaphulika ngati mfuti, nthawi zina n'kulavula moto kumbuyo. Anyamata a pamsika ankachita kumuimitsa Yona kuti awaphulitsire.

Loweruka lina awiriwa anali paulendo wa ku Chilomoni, kuti Yona akaonekere kwa amalume ake a Brenda, a Hawkins. Ndi amene anamulera Brenda bambo ake atamwalira, ndipo popanda mawu awo panalibe chinkhoswe, panalibenso ukwati. A Hawkins anali asanamuonepo Yona. Ankangodziwa kuti ndi makaniko.

"Bwanji tingokwera minibasi?" anatero Yona akumanga tayi. "Msewu wa kwanu uja undithera bampala."

"Minibasi yachiyani? Akaone zimene manja akowa amachita. Ukufuna aziti ndabweretsa munthu wongopaka girisi?"

Atasiya msewu wa tala analowa msewu wafumbi wokwera chitunda. Yona ankayenda mopingasapingasa, kuzemba miyala ndi ngalande. Atapeza malo osalala anapondako moto kuti akwere bwino. Anakhota pa chigayo, ndipo ndi pamene anawaona: masamba aawisi atayalidwa kudutsa msewu, ena pafupi, ena chapatali kumtunda. Pakati pake panali anthu odzaza, amayi atakhala pansi mbali ina, abambo pamipando mbali ina, pafupi penipeni ndi nyumba ya a Hawkins. Mayi oyandikana nawo nyumba anali atamwalira, ndipo pa chipwirikiti cha maliro panalibe amene anakumbukira kuimbira foni alendo.

Masamba akakhala pamsewu aliyense amadziwa chochita. Wa njinga amatsika, wa chipewa amavula, wailesi imazimitsidwa, galimoto imayenda ngati ikupepesa. Yona analeredwa bwino. Anachita zimene munthu aliyense akanachita: anachotsa phazi pa moto.

Pho! Pho-pho!

Nyimbo ya amayi inadukira pakati. Wina anakuwa kuti, "Apolisi!" Wina anati, "Utsi wokhetsa misozi!" Amayi anadzuka n'kubalalika, zitenje zikumasuka, masilipasi akutsalira. Mayi wina amene ananyamula beseni la madzi analitaya pa miyendo ya abusa. Mkulu wokalamba anagwa ndi mpando womwe.

"Zimitsa!" anatero Brenda. "Yona, zimitsa!"

Anazimitsa. Injini inanjenjemera, n'kuphulikanso kamodzi komaliza, kwakukulu kuposa koyamba kuja. Kenako kunangoti zii. Kunkangomveka mwana akulira ndi agalu akuuwa kumtunda.

Anthu atazindikira kuti kulibe apolisi, koma kagalimoto kalalanje kogwada pansi, mantha anasanduka mkwiyo. Adzukulu, anyamata okumba manda amene anali atangobwera kudzatenga bokosi, anaizungulira galimotoyo matope ali m'miyendo.

"Tsikani, bwana."

"Masamba simunawaone? Kapena magalasi anuwa ndi akuda mkati momwe?"

"Awa ndi aja amati akagula matayala aakulu dziko lonse ndi lawo."

Yona anatsika atagwira manja pamodzi. "Pepani, akuluakulu. Sindinachite dala. Ndimachepetsa liwiro, ndiye galimotoyi ikamachepetsa…"

"Ikamachepetsa imawombera anthu?"

Ena anaseka, koma sikunali kuseka kwabwino.

Brenda anatsikira mbali inayo. Anali atavala diresi lofika m'mawondo ndi nsapato zazitali, alibe chitenje, pamaso pa amayi onse amene anamuona akukula. Anamva dzina lake likuyenda m'milomo. Ndi Brenda uyu. Wa kwa a Hawkins. Anaona mwana wamkazi wa malemu, mnzake wa ku pulayimale, ataima pakhomo maso ali otupa, akumuyang'ana.

Kenako gulu linapatuka ndipo panabwera a Hawkins eni ake, atavala jekete lakuda. Ndi iwo amene ankayendetsa mwambo wonse. Anayang'ana galimoto, anayang'ana Yona kuyambira tayi mpaka nsapato, kenako anatembenukira kwa Brenda.

"Brenda. Ndiwe?"

"Ndine, amalume."

"Bambowa ndi ndani?"

Anthu onse anamuyang'ana Brenda kudikira yankho. Yona nayenso anamuyang'ana.

"Angondipatsa lifiti pa siteji," anatero Brenda. "Sindikuwadziwa."

Yona anangoweramitsa mutu n'kuyamba kumasula tayi.

"Chabwino," anatero a Hawkins. "Achimwene, pano sitikuchedwa nanu, tili ndi maliro. Lole yonyamula bokosi ikubwera ndipo mwatseka njira. Chinthu chanuchi chichoke, koma chisalirenso. Mukachiliza mutadutsa chigayo."

Potembenukira panalibe, choncho anayenera kuibweza chambuyo. Yona anakankha ali panja, dzanja limodzi pa chiwongolero kudzera pawindo. Sanapite patali. Paipi ija inakola nthambi ya masamba a maliro omwewo n'kuikoka, kenako mimba ya galimoto inakhala pa mwala, matayala osafunanso kuyenda. Adzukulu anachita kuinyamula, uku akutukwana motsitsa mawu. Bampala yakutsogolo inang'ambika n'kutsala pansi. Yona anaitola, anailowetsa pampando wakumbuyo, pa chikopa chija, n'kupitiriza kukankha. Malaya ake oyera anali atamatirira kumsana. Sanacheuke.

Brenda sanaone mapeto ake. Akazi awo a a Hawkins, anti a Clara, anamukokera kuseri kwa nyumba n'kumumanga chitenje chawo m'chiuno.

"Iwenso kumangokwera magalimoto a anthu osawadziwa," anatero akumangitsa mfundo. "Tsiku lina adzakupititsa ku Mulanje. Vula nsapatozo, ukakhale ndi anzako."

Anakakhala pansi pakati pa amayi. Nyimbo inayambiranso. Mayi wa pambali pake anamugwira bondo n'kunong'oneza kuti asadandaule, si mlandu wake, amuna a masiku ano ndi amisala. Brenda anavomera ndi mutu. Patapita kanthawi, kumunsi kutali, injini inabangula. Amayi angapo anatsonya. Iye anamvetsera mpaka phokosolo litatheratu, pakamwa pake pakuyenda ngati akuimba nawo.

Kumanda anapita ndi gulu, anabwerako ndi gulu. Foni yake inali m'chikwama. Anaiyang'ana kangapo ndipo munalibe kanthu. Anayamba kulemba uthenga wopita kwa Yona, anafufuta. Anamuimbira, foni inaitana mpaka kuduka yokha.

Dzuwa litapendeka anthu anayamba kubalalika, masamba anachotsedwa pamsewu. A Hawkins anavula jekete, anakhala pakhonde pawo n'kuitanitsa madzi akumwa. Brenda anawabweretsera atagwada.

"Pepa mwana wanga, zinthu zasokonekera lero," anatero atamwa. "Koma mawu ndi mawu. Mlendo wathu uja afika nthawi yanji? Anti ako asunga nkhuku."

Brenda anayang'ana kapu imene inali m'manja mwake. Akanatha kunena kuti wadwala, kapena kuti kwabwera ntchito yadzidzidzi ku galaja. Koma tsiku lina Yona akanayenera kudzaima pakhonde lomweli ndi nkhope yomweyo.

"Anafika kale, amalume."

"Ali kuti?"

"Ndi aja a galimoto aja."

Anti a Clara, amene ankasesa pabwalo, anaimitsa tsache. A Hawkins anayang'ana kumsewu kumene kunali mzere umene mimba ya galimoto inakanda m'dothi.

"Makaniko uja ndi ameneyu?"

"Eee."

"Ndiye unandinamiza. Pa maliro, abusa ali pomwepo."

"Ndinachita manyazi, amalume."

"Manyazi tonse tinachita. Iye anachita manyazi kuposa iwe, koma anatsika, anapepesa, anakankha. Ndinamuona." Anapukuta pakamwa ndi chikhatho. "Za phokosolo zikanatha. Akanabwera mawa ndi mkulu wake kudzapepesa kwa anamfedwa, anthu akanaseka mwezi umodzi n'kuiwala. Galimoto amakonza."

"Ndikamuuza abwerenso Loweruka likubwerali."

"Ukamuuza kuti chiyani? Chilomoni yense wamva kuti sukumudziwa. Ine ndikaima bwanji pamaso pa anthu awa n'kunena kuti uyu ndi mkamwini wanga? Ndipo iyeyo, ukuganiza kuti akwera chitundachi kachiwiri?"



"Ine sinditumiza mawu kwa akwawo," anatero a Hawkins. "Akabwera yekha, osachita kumukoka, ndidzamulandira. Akapanda kubwera usadzandifunse chifukwa."

Anaimirira n'kulowa m'nyumba. Anti a Clara anayambiranso kusesa, kenako anaima.

"Chitenjecho usapite nacho," anatero. "Ndi cha ku mpingo."