Supuni Nambala 143

Maluwa a pamaliro anali asanafote pamene Sybrand anakhuthulira patebulo bokosi la malemu apongozi ake. Tizitsulo mazana awiri tinangoti mbwee, kalikonse ndi kapepala ka nambala.

"Zinyalala izi ndisungunulira mumphika umodzi," anatero. "Ndimatira nazo mipaipi ya theka la Amsterdam."

Aaltje, mkazi wa malemu, anangomuyang'ana mkamwini wakeyo. Zaka makumi awiri mwamuna wake Egbert ankasakaniza mtovu, tini ndi zitsulo zina, kusintha muyeso pang'onopang'ono, n'kumalemba kutentha kumene chosakaniza chilichonse chimasungunukira ndi kuumira. A ku yunivesite sanafike ngakhale kumanda. Achibale ndiwo anabwera, kudzatafuna makeke ndi kuyeza makatani ndi maso.

"Mukazisakaniza, ntchito yake yonse yathera pomwepo," anatero Aaltje.

"Amayi, musavute," anayankha mwana wake Geesje, mkazi wa Sybrand, uku akuchotsa wotchi pakhoma. "Bambo anatidyetsa utsi moyo wonse. Tidya manambala?"

Sybrand anatola kasupuni konyezimira pamuluwo. "Koma iyi ndiye siliva! Mdala uja ankabisa eti?" Anadula kapepala kake n'kukataya pansi.

Aaltje sanatsutse. Anamuthirira khofi wotentha kwambiri. "Imwani bambo, mwatopa ndi kulira."

Sybrand anathira shuga katatu n'kuyamba kutakasa ndi kasupuni kaja. Potulutsa, m'manja munatsala chogwirira chokha.

"Matsenga anji awa?"

"Nambala 143. Imasungunuka madzi asanawire n'komwe. Pamulupo pali anzake ambiri, ndipo sindikuuzani kuti ndi ati. Thirani mumphika wanuwo, mukamatire mipaipi ya madzi otentha m'nyumba za anthu. Tione amene adzakuitaneninso."

Sybrand anakankha kapu, nalavula m'mpango, natola chipewa. Geesje anamutsatira, wotchi ili m'khwapa. Sanatseke ndi chitseko chomwe.

Aaltje anadikira khofi azizire, anamutsanula, natulutsa kam'bulu kotuwa pansi pa kapu. Kenako anawerama kutola kapepala kaja. Kuseri kwake kunali tizilembo tating'ono ta Egbert: "Kuti Aaltje aseke." Tsiku limene Egbert anamuonetsa masewerawa koyamba, Aaltje anangomukalipira kuti wawononga khofi.

Anamangirira kapepalako pa kam'bulu kaja ndi ulusi, mfundo ziwiri monga ankachitira mwiniwake, n'kukaika m'bokosi. Kenako anayamba kufunafuna nambala 144.