Gwirani Mpweya, Alamu

Ntchito yanga ndi yojambula anthu m'kati. Ndimakhala m'chipinda cha ekisire pachipatala, chopanda zenera, chozizira chaka chonse, ndipo tsiku lonse ndimangobwereza mawu atatu: kokerani mpweya, gwirani, pumani. Munthu amagunditsa chifuwa pachitsulo, manja m'chiuno, ine n'kuthawira kuseri kwa galasi kukadina batani. Kenako nthiti zake zimatulukira pakompyuta mwakachetechete, zotuwa ngati utsi, ndipo ndimamuona mmene ngakhale mayi ake omubereka sanamuonepo.

Lamulo lathu ndi limodzi: wojambula sanena chimene waona. Imeneyo ndi mbali ya dokotala. Ife timangomwetulira n'kuti, "Zotsatira mukamva kwa adokotala." Zaka khumi ndi zinayi ndakhala ndikunena zimenezi osaphethira, ngakhale kwa anthu amene ndinkadziwa kuti chaka chamawa sachiona. Nkhope yokha ndinaiphunzitsa, koma mtima unakana sukulu. Kunyumba ndinkafika ndili moto, kukalipira ana chifukwa cha supuni yogwera pansi.

Amene anaona kuti ndikupsa ndi alamu anga, achemwali a mwamuna wanga. Iwowa amaphunzitsa yoga, masewera opinda thupi ndi kukhazika mtima pansi, m'kachipinda kapamwamba pa sitolo ya nsapato, ndipo kulikonse amayenda ndi kamphasa ka labala m'khwapa, moti pabanja pathu timawatcha Amphasa akapotoloka. Ine ndiye ndinkatsogolera kuseka. Munthu wamkulu ndi imvi zake, kumaima ndi mwendo umodzi ngati nkhuku yozizidwa! Koma Loweruka lina anandigwira dzanja, ndipo ndinasowa pothawira.

Ndinkayesa akandipinda mpaka msana kulira. Ayi ndithu, anangondikhazika pansi.

"Zopinda thupi n'zam'tsogolo, alamu," anatero. "Lero ingokhalani muone maganizo anu akudutsa. Musawathamangitse, komanso musawalondole."

"Nanga akakana kudutsa?"

"Ndiye muwayang'ane mpaka achite manyazi."

M'chipindamo munkalowa dzuwa la m'mawa, fumbi likuyandama m'kuwalako mosafulumira. Pansi pankachokera kafungo ka chikopa chatsopano ndi mawu a anthu oyesa nsapato, akumveka ngati ali kutali kwambiri. Ndinatseka maso, ndipo zifuwa zonse zimene ndinajambula zinayamba kudutsa chimodzichimodzi, zoyera, zopanda eni ake, zikuuluka pang'onopang'ono kulowera kudenga. Ndinalira osadziwa kuti ndikulira. Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse ndinkakwera masitepe aja ndekha, popanda wondikoka.

Ankakonda kundiuza kuti ntchito ndi yanga koma zotsatira si zanga. "Jambulani bwino, mugwireni munthu paphewa mwaulemu, basi. Chimene chili m'chifuwamo simunachiikemo ndinu." Ndinkayesetsa. Masiku ena zinkatheka, ndipo ana anayamba kundifunsa ngati ndikudwala, poti ndinasiya kukalipa.

Ndiye Lachiwiri lina chakumasana, nditatsegula chitseko kuitana wotsatira, ndinapeza ali alamu, kapepala ka dokotala m'manja, kamphasa kali pamiyendo.

"Kachifuwa aka kakana kutha," anatero akuseka. "Mwezi wachitatu uno. Amuna anga andiumiriza kuti ndibwere."

"Bwanji osandiuza?"

"Si pano ndakuuzani?"

Anavula bulauzi kuseri kwa katani n'kuvala gauni ya odwala. Ndinawaimika pachitsulo. Msana wawo unali wowongoka bwino, sindinavutike kukonza mapewa monga ndimachitira ndi ena. Koma pansi pa dzanja langa mafupa ankamveka kwambiri, ndipo ndinadabwa kuti ndakhala ndikuyang'ana kuti miyezi yonseyi.

Ndinapita kuseri kwa galasi. "Kokerani mpweya. Gwirani."

Ndinadina. Chithunzi chinatuluka.

Panali chinthu kumanja, m'mwamba, choyera, cha m'mbali mosalongosoka, chachikulu ngati dzira. Zoterezi ndaziona kambirimbiri ndipo sindifunika dokotala kuti andiuze dzina lake. Phokoso la makina linapita kutali, ndipo ndinkangoona ngati ndalowa m'chifuwamo, ndikuyenda pakati pa nthiti zazitali m'chifunga, kufunafuna khomo. Ndinkadziuza kuti maganizo awa adutsa, ndiwayang'ane chabe. Ndinawayang'ana. Iwo anandiyang'ananso, osachita manyazi.

Sindikudziwa kuti panapita nthawi yaitali bwanji. Nditadzutsa mutu, alamu anali chiimire pachitsulo paja, manja m'chiuno, chifuwa chodzaza, osagwedezeka. Ndinali nditaiwala kunena kuti pumani.

Wodwala wina aliyense akanatulutsa mpweya yekha kalekale, mwinanso n'kundilalatira. Koma awa ndi munthu amene wakhala zaka makumi awiri akuphunzira kugwira mpweya, ndiponso amalemekeza ntchito ya mnzake. Anangodikira mawu anga, khosi litafufuma mitsempha.

"Pumani! Pumani, alamu, pepani!"

Anatulutsa pang'onopang'ono, kenako chifuwa chinawagwira, n'kutsokomola mpaka kugwira khoma. Ndinathamanga ndi madzi. Atamwa anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Munayamba mwaiwalapo mawu amenewa?"

Bodza linali pamlomo, lokonzeka kale. Ndikanati kompyuta inavuta, ndipo akanandikhulupirira mwina mpaka Lachisanu, tsiku lokamva zotsatira. Ndinalimva likubwera, ndinalisiya lidutse.

"Ayi. Sindinaiwalepo."

Anagwedeza mutu. Sanandifunse chimene ndaona, ndipo ndinadziwa kuti akundisungira ntchito yanga. Zimenezi zinandipweteka kuposa akanandikakamiza.

"Adokotala akuonani lero lomwe," ndinatero. "Ndikuperekezani ndekha."

"Chabwino, alamu."

Analowa kuseri kwa katani kukavala. Ndinamaliza kulemba nambala pachithunzi, kuchitumiza, kupukuta chitsulo ndi mankhwala, chilichonse m'malo mwake. Koma kuseri kuja sikunkamveka kanthu. Nditasuzumira, ndinawapeza atakhala pakabenchi, bulauzi ili pathupi koma yosamanga. Ankayesa kumanga, batani likungopulumuka pabowo.

Chiwadziwireni sindinawaonepo atasokonezeka chonchi. Mumtima mwanga ndinali nditawaika pamalo pamene mantha safika, ndipo ndinachita manyazi pozindikira kuti ndinkafuna andilimbitse mtima iwowo, eni chifuwa.

"Zonse ndimaphunzitsa zija zandithawa," ananong'ona. "Ndikuopa, alamu. Ndikuopa kwambiri."

Panja pankamveka anthu apamzere akung'ung'udza, wina akugogoda. Ndinakhoma chitseko. Ndinagwada pasimenti yozizira ija kutsogolo kwawo, n'kuyamba kuwamanga mabatani kuchokera m'munsi, limodzilimodzi. Nditafika pa la pakhosi anandigwira manja onse awiri, ndipo sanawasiye.