Bulauzi ya M'sutikesi

Božena anakoka sutikesi kuchokera pansi pa bedi la malemu amayi ake, naitsegula. Okonza maliro anali atanena kuti abwera masana kudzatenga zovala.

Monga amachitira achikulire a m'mudzi wawo ku Moravia, amayi anali atasankhiratu zoti adzaikidwe nazo m'manda: siketi yakuda, mpango, ndi bulauzi yoyera yopeta maluwa ofiira imene anavala paukwati wawo.

Božena atainyamula, bulauziyo inang'ambika yokha kuchokera pakhosi mpaka m'khwapa. Iye anangoiyang'ana. Chimwalirire amayi Lolemba, anali asanalire.

Mchimwene wake Vlastimil anasuzumira pakhomo, kapu ya khofi ili m'manja.

"Nayonso yatisiya, achemwali?"

"Kaitaneni Mayi Hrubá."

Mayi Hrubá, telala wa nyumba yoyandikana nayo, anatambasula nsaluyo pawindo. Mitengo ya panja inkaonekera.

"Vetchá," anatero. "Singano ilowa, koma ulusi sugwira."

Božena anawakumbukira mawuwo. Adokotala anawanena mwezi watha atagwira dzanja la amayi. Ndi mawu a makolo, amene poyamba ankangotanthauza chinthu chakale. Masiku ano amanena nsalu kapena munthu amene zaka zamudya mpaka kupyapyala.

"Kusitolo ya pasiteshoni kuli mabulauzi oyera mbwee," anatero Vlastimil. "M'mandamo akaone ndani?"

"Amayi anati iyiyi," anayankha Božena. "Ankaichapa n'kuisita chaka chilichonse Pasaka isanafike."

"Kusamalako ndiko kwaimaliza, mwana wanga," anatero Mayi Hrubá. "Ndinkawauza mayi akowo, ati ndine telala wa nsanje."

Palibe anaseka. Mayi Hrubá anatulutsa sizasi m'thumba la epuloni.

"Akufa savala ngati ife. Tidula kumsana, okonza maliro akangowafunditsa kutsogolo. Pong'ambikapo paphimba mpango. Koma udule ndiwe, ine ayi."

Božena analandira sizasi. Inali yozizira. Anayala bulauzi chafufumimba pabedi, pamene matiresi anali akadali ndi dzenje la thupi la amayi. Sizasi sinafune n'kutseka komwe, nsalu inkangopatukana yokha kutsogolo kwake.

Panja galimoto inaima pageti.

"Gwirani manja akewo, achimwene," anatero Božena. "Pang'onopang'ono."

Vlastimil anaika kapu pansi. Analowetsa zikhato zake kunsi kwa manja a bulauziyo, mmene ankawadzutsira amayi m'mawa, ndipo awiriwo anaitulutsa m'chipindamo osaipinda.