Zibowo za Dala

Pa zinthu zonse zimene Anamajuzi ankadana nazo pa dziko lino, chibowo chinali patsogolo. Zaka makumi atatu akuluka majuzi a ana a sukulu pakhonde pawo, panalibe kholo ndi limodzi lomwe limene linabwezako juzi n'kuloza pamene ulusi unathawa pa singano. Kalukidwe kawo kanali kothina, koti mphepo ikafika inkangobwerera. Akaona mwana wavala juzi ya m'sitolo yoonetsa malaya a mkati ankatsonya, ngakhale amake a mwanayo ali pomwepo.

Mng'ono wawo anali mphunzitsi wa kalasi yachitatu. Nyengo yozizira anachitidwa opaleshoni ya m'mutu, ndipo atatuluka m'chipatala anabwera kudzakhala kwa akulu akewo kuti azimudwazika. Chotupa anachichotsa bwinobwino. Chimene chinatsala ndi chipsera, chochokera pamwamba pa khutu lamanzere kukwera mpaka pakati pa mutu. Tsitsi linamera paliponse, koma pamzere umenewo linakana. Anamajuzi anachita chimene amadziwa: anamulukira chipewa cha ulusi wokhuthala, chofika m'makutu, ndipo iye atachivala sanachivulenso.

Kuzizira kunatha, dzuwa n'kuyamba kuswa mtengo. Anthu ankagona masana pasimenti, agalu malilime ali panja, koma mng'ono uja chipewa chili pamutu. Thukuta linkatsika m'khosi ngati wanyamula ndowa yodontha. Chipsera chinayamba kufiira ndi kutuluka tizilonda, mpaka adokotala anakalipa kuti mutuwo ukufuna mpweya, chipewa chichoke. Anayesa duku, inkamufinya pomwepo pachipsera. Anayesa wigi ya mnzake, inamuyabwa osatha ndi ola lomwe. Anabwereranso ku chipewa.

Lachitatu kunabwera uthenga wochokera kwa ahedi wakuti tchuthi cha matenda chatha: Lolemba akaoneke, apo ayi kalasi aipereka kwa wina. Mng'onoyo anawerenga, n'kukhala pathebulo, kulemba kalata yosiya ntchito, kuipinda n'kuitsamiritsa ku chitini cha shuga kuti alamu ake, amuna a Anamajuzi, akaisiye ku sukulu Lolembalo.

"Ana ndimawadziwa, achemwali," anatero. "Ndikavula, sadzamva ndi liwu limodzi, maso onse pamutu. Ndikavala, ndikomoka pabolodi. Basi, ndaphunzitsa zakwana."

Anamajuzi anakalipa, anachonderera, anamukumbutsa kuti ali mwana ankandandalika mabotolo pabwalo n'kumawaphunzitsa kuwerenga, botolo losamva n'kulikwapula. Sizinathandize. Chimene chinawapweteka kwambiri n'chakuti phanga limene mng'ono wawo ankabisalamo analiluka ndi manja awo omwe, ndipo analiluka bwino zedi.

Tsiku lomwelo anadandaulira mwana wawo wamkazi, amene amagwira ntchito kutali, ndipo iye anawatumizira kanema pafoni. M'kanemamo kamtsikana kena kankaluka lamba wa kumutu wa lesi, wopyapyala, mulifupi mwake ngati zala zitatu, wodutsa pamwamba pa makutu n'kukamangidwa kunkhongo. Ndendende njira ya chipsera. Koma lambayo anali zibowo zokhazokha, zondandalikana ngati masamba. Anamajuzi anaonera ali tsinya, n'kunena kuti kumeneku si kuluka, n'kuwononga ulusi. Kenaka anayang'ana kalata ija ili pa chitini, n'kunyamuka kukagula ulusi wa thonje wabuluu, wowonda ngati wosokera mabatani.

Singano zawo zonse zinali zonenepa. Amuna awo, mmisiri womanga mipanda ya waya, anasolola masipoko awiri panjinga yakufa imene inali kuseri, n'kuwanola ndi tupa mpaka atasalala. Powapereka anafunsa ngati mayi ayamba kulukira nyerere.

Chinsinsi cha lesi n'chochepa. Umakulunga ulusi pa singano osaluka, n'kupitirira. Pobwerera, pamene unakulungapo pamatseguka kabowo. Kenaka umagwira maso awiri a ulusi n'kuwaluka pamodzi kuti nsalu isakule. Basi. Anamajuzi anamva kamodzi kokha, mutu unagwira. Koma manja! Manja aja akangofika pa ulusi wolendewera ankaupotokola okha n'kuutseka, monga anachitira zaka makumi atatu, mwini wake maso ali kumsewu akuyankha moni wa odutsa. Lachinayi masana anayang'ana chimene aluka: chinali chotalika ngati dzanja, chosalala, cholimba, chopanda bowo ndi limodzi lomwe.

Amuna awo anachitenga, kuchiyang'anitsa kudzuwa, n'kunena kuti n'chabwino kwambiri, galu wa aneba akhala akusowa lamba wa m'khosi. Anamajuzi anawalanda n'kumasula chonse.

Anamasula katatu. Kachitatuko ulusi unali utayamba kuda ndi thukuta la m'manja, iwo zitawakwana. Ndiye anachoka pakhonde, kulowa kuchipinda, kutseka chitseko kuti asapatsidwe moni ndi munthu, n'kuyamba kuluka akudzilankhulira mokweza ngati mwana wa kalasi yoyamba: "Kulunga, siya. Siya, iwe! Awiri pamodzi." Dzanja likafuna kutseka bowo ankalimenya ndi linzake. Mng'ono wawo atamva phokosolo anafunsa alamu ake ngati akulu ake ali bwino, ndipo iwo anayankha kuti asadandaule, akuphunzira kulakwitsa, n'zovuta kwa munthu amene sanayambe walakwapo.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Lachisanu timabowo tinayamba kutsala, kamodzi, tiwiri, mzere wonse. Bowo lililonse Anamajuzi ankalimva ngati alumpha sitepe, koma analisiya. Anayesa utali pamutu pawo pomwe, poti mitu ya pabanja pawo ndi imodzimodzi, yaikulu. Loweruka masana anafika kumapeto. Kanema uja anali asanathe, koma anamuzimitsa. Kutsiriza nsalu awaphunzitse mwana wa dzana? Anatseka maso otsiriza, kudula ulusi, n'kuika chinthucho pabondo.

Kalanga ine. Chinali chokwinyika, chopiringizika, chachifupi, ngati matumbo a nkhuku. Masamba aja sankaoneka, zibowo zinabisala m'makwinya. Masiku atatu a nkhondo, n'kubala chimenechi! Anamajuzi si munthu wolira wamba, pamaliro amakhala kophika, koma tsikuli misozi inagwa. Anachiponya pakona n'kuuza amuna awo kuti kalata ija akaipereke ndithu, iwo alephera.

Bambowo nthabwala zinawathera. Anatola kanthuko, kukatembenuza, kenaka mwachizolowezi cha ntchito yawo anakagwira uku ndi uku n'kukakoka. Masamba anatuluka, awiriawiri, mzere wa timabowo uli pakati. Atakasiya kanabwerera ku matumbo a nkhuku. Anakokanso.

"Mayi, taonani kuno. Waya wa mpanda akakhala pampukutu amaoneka chonchi, ngati zinyalala. Maso ake amaoneka ukamukoka n'kumukhomera pamitengo. Simunalakwitse. Simunamalize."

Anamajuzi anafunsa ngati akufuna kuti akhomere mng'ono wawo misomali m'mutu. Koma anali ataona masambawo. Anatenga foni, kuyatsa kanema paja anamuzimitsira. Safunsa anadya phula: kamtsikana kaja kanaviika lambayo m'madzi, kumufinya m'thaulo, kumutambasula papilo, kumukoka mbali zonse n'kumubaya mapini mpaka aume.

Apa ndiye panali pena. Zaka zonsezi, kholo lililonse lolandira juzi linkalandiranso lamulo: ikanyowa osaikoka, osaipachika, iyanikeni chogona. Ena anakalipiridwapo pamsewu chifukwa cha juzi yolendewera pachingwe. Lero iwo omwe anyowetse ntchito yawo n'kuikoka dala? Anayang'ana beseni. Kenaka anati, poti zibowo aluka kale, tchimo lachiwiri silingawaphe.

Lamlungu m'mawa anatulutsa pilo pakhonde. Anaviika kansalu kaja m'madzi, anafinya, n'kuyamba kukoka mano ali gwa, akudikira kumva ulusi ukuduka. Sunaduke. Amuna awo ankagwira mbali ina n'kumalamula ngati ali kuntchito kuti ayambire kumakona, pakati pabwere pambuyo, ndipo kwa nthawi yoyamba m'banja limenelo Anamajuzi anamvera osatsutsa. Mapini a m'kachitini anatha, anabwereka ena kwa telala wa pafupi. Dzuwa lija linazunza anthu mwezi wonse linagwirako ntchito yabwino: pofika masana kanali katauma. Anazula mapini limodzilimodzi, mpweya ataugwira. Kansaluko sikanabwerere. Kanangokhala pomwepo, tambalala, masamba makumi awiri ndi anayi, kopepuka koti ukakaika pachikhatho sukukamva.

Anamajuzi anamupeza mng'ono wawo kuchipinda atagona chafufumimba, chipewa chili pamutu. Sanamunyengerere. Anamuuza kuti adzuke, avule, ndipo liwu lawo linali lija ankamutumira nalo kumadzi ali ana. Anavula. Anamajuzi anapukuta thukuta pachipsera ndi nsonga ya thaulo, kuyala kalesiko kuchokera pakhutu kudutsa pamwamba, n'kumanga timichira kunkhongo mosafinya. Kenaka anamupatsa galasi.

Kanamukhala. Tsitsi lalifupi lija linatukumuka kutsogolo ndi kumbuyo, buluu ali pakati, nkhope n'kubwerera ya munthu amene ankamudziwa. Koma diso la mmisiri silinama: m'timabowo titatu ta pamwamba pa khutu, chipsera chinkaoneka pang'ono. Mtima wa Anamajuzi unagwa. Anayamba kulonjeza kuti asokerera kansalu mkati, ndi ntchito ya mphindi khumi, sipaoneka kanthu.

Mng'onoyo anali atayimirira pawindo, maso atatseka, katani ikugwedezeka.

"Musatseke, achemwali. Ndikumva mphepo."

Miyezi isanu mutu umenewo usanaimve.

Za kalata palibe anazitchula. Lolemba m'mawa mng'onoyo anasita diresi, kumanga kalesi kake yekha, kutenga chikwama n'kutuluka. Anamajuzi anapirira mphindi zisanu. Kenaka anakoleka tepi m'khosi n'kuuza amuna awo kuti akukayeza ana majuzi ku sukulu. Bambowo anayang'ana kumwamba, kumene kunalibe ndi kamtambo komwe, n'kuvomereza kuti inde, kuzizira kwavuta.

Anakaima kuseri kwa kalasi yachitatu, pansi pa windo lopanda galasi, msana utatsamira khoma lotentha. Anamva mabenchi akukhuluka, ana akupereka moni mokoka mawu monga amachitira. Kenaka kunagwa bata limene mng'ono wawo ankaliopa lija, la maso makumi asanu ndi limodzi. Kamtsikana kena ka kutsogolo kanafunsa kuti n'chiyani chikuoneka pansi pa kansalu kokongolako. Anamajuzi anafinya tepi ija.

"Apa?" anatero mphunzitsiyo. "Ndi pamene adokotala anatsegula kuti aone ngati masamu adakalimo. Awapeza onse, ndi ochotsera omwe. Tsegulani makope."

Kalasi inaphulika ndi kuseka, ena kudandaula kuti bwenzi atachotsako ogawa. Choko chinayamba kulira pabolodi. Liwu lija linakwera, lakale lomwe, lija linkaopseza mabotolo pabwalo. Anamajuzi anamvetsera mpaka samu yachitatu, kenaka anachoka asanayeze mwana ndi mmodzi yemwe. Pamsewu anapatsa moni aliyense, ngakhale mayi wina amene anali atayanika juzi yonyowa pachingwe.

Kunyumba anapeza chipewa chija chili pabedi, chikununkha thukuta. Anachichapa, ndipo chitauma masana anakhala nacho pakhonde, kudula mfundo ya pamwamba n'kuyamba kukoka. Ulusi unali udakali wabwino, wokwana manja a juzi ya mwana. Chinasowa n'chokulungirapo. Analowa m'nyumba, kutenga kalata ija pa chitini cha shuga, kuipinda kanayi, n'kuyamba kukulungapo ulusi mpaka pepala lonse litabisika.