Pakamwa pa Mayi Mtsinje

Tsabola atalowa m'chipinda cha zaluso Lolemba m'mawa, anapeza chigoba cha nkhope chimene anaumba chili pa shelefu, pakamwa atapawongola. Anapsa mtima mpaka makutu kutentha. Dzinali anzake sanamupatse pachabe.

Sabata yathayo aphunzitsi anawasimbira nthano za mizimu ya m'chilengedwe, n'kuwauza kuti aliyense aumbe chigoba chadongo cha mzimu umodzi. Anyamata onse anathamangira mphezi, mano pamtunda. Tsabola anasankha Mayi Mtsinje, amene amagwa pamathithi koma osasiya ulendo, ndipo anamupatsa nkhope ya amayi ake. Chiwagwirereni sitiroko, pakamwa pa amayiwo panapotokera kumanzere, ndipo pagalasi anasiya kuyang'anapo. Mwanayo anaumba pakamwapo mmene palili, mwadala, atawalonjeza kuti adzaona okha kuti akadali okongola.

Ndiye aphunzitsi, ndi chifundo chawo chosapemphedwacho, anatsalira Lachisanu dongo lisanaume, n'kuyendera zigoba zonse ndi kasiponji konyowa, apa kusalaza, apo kuwongola. Anawatuma ndani? Munthu wamkulu ndithu, manja kuyabwa ngati mwana!

Tsabola atawafunsa, anayankha akumwetulira kuti amuthandiza, chifukwa pa chionetsero makolo akanamuseka. Mtsikanayo anafuna kufotokoza, koma kalasi yonse inali itatchera khutu, ndipo za kunyumba sakanaziyala pamaso pa anyamata amwano aja. Anangopempha dongo lina. Anamuuza kuti latha, ng'anjo ayatsa kale, akhale pansi asiye makani. Anakhala pansi akukukuta mano.

Zoti angochiswa chigobacho anaganizadi. Koma amayi ankafunsa tsiku ndi tsiku ngati nkhope yawo yapsa, ndipo kubwera chimanjamanja kukanawapweteka. Choncho chionetsero chitatha anachikulunga m'juzi n'kupita nacho kwawo, mtima ukadali m'mwamba.

Anawapeza atakhala pampando wawo pafupi ndi zenera. Anachilandira ndi dzanja lomwe linkagwirabe ntchito, n'kuchiika pamiyendo. Anazindikira mphuno yawo, anazindikira kachipsera ka pachipumi, mpaka anaseka pang'ono. Kenako chala chawo chinayenda pamilomo yowongokayo, n'kuima.

“Waumba bwino, mwanangu,” anatero, lilime likukoka. “Kodi nawenso pakamwa pangapa pamakuchititsa manyazi?”