Mlatho Womangira Kuthyola

Prisca anali atawerengera zonse. Atsikana makumi awiri ndi anayi, magulu asanu ndi limodzi, mapaketi khumi ndi awiri a supageti, selotepu, ndowa, ndi mchenga wa kunyanja woyesera kulimba kwa milatho. Chimene sanawerengere chinali benchi la kumbuyo kwa kalasi. Pamenepo panakhala amayi asanu ndi awiri, manja ali pamiyendo, nkhope zili ngati abwera kumaliro a munthu amene sankamukonda kwenikweni.

Anali a gulu la amayi la pasukulupo, sekondale yoyendera ya kufupi ndi Kande. Ahedi anali atanena mosazungulira kuti kalabu ya uinjiniya ya atsikana idzapitirira Loweruka lililonse pokhapokha gululi likasayina pepala. Loweruka ndi tsiku limene atsikana amasenda chinangwa, kukaviika, ndi kusinja chouma, choncho amayi amafuna kuona ndi maso awo chinthu chimene akusinthanitsa ndi kondowole, nsima ya chinangwa. Akakana, kalabu ithera tsiku loyamba lomweli, ndipo bungwe limene Prisca amathandizako mongodzipereka linyamula mabokosi ake kupita ku sukulu ina ku Mzuzu.

Wapampando wa gululo anali a Nyachirwa, mlongo wawo wa bambo ake a Prisca. Ku Kande amati ankhazi. Ndiwo adanena, tsiku limene Prisca adabwera ndi digiri kuchokera ku Blantyre, kuti mwana waphunzira ndithu, chatsala n'kuona ngati nzeru akadali nazo.

Woyamba kulankhula anali Laston, mnzake wa kubungweko, mnyamata wa ku Thyolo amene Chitonga amadziwapo mawu amodzi okha, yewo, ndipo amawagwiritsa ntchito popereka moni, pothokoza ndi popepesa.

"Atsikana, lero timanga milatho," anatero akumwetulira. "Gulu lililonse mapaketi awiri. Mlatho uchoke pa desiki iyi ufike pa iyo. Tikamaliza tipachika ndowa pakati, n'kumathira mchenga mpaka uthyoke. Wochedwa kuthyoka ndiye wapambana."

Anang'amba paketi, natenga supageti wodzaza dzanja, namuthyola pakati. Tizidutswa tinadumpha n'kumwazika pasimenti.



Mtsikana aliyense anayang'ana desiki yake. Palibe anakhudza paketi. Prisca anamvetsa zonse nthawi imodzi, mochedwa, monga amamvetsera munthu funso la mayeso atapereka kale pepala. Mapaketi amenewa adawanyamula yekha pamiyendo mu minibasi kuchokera ku Mzuzu, maola awiri athunthu, osaganizako ngakhale kamodzi kuti wanyamula chakudya. Ku yunivesite ankangoti zipangizo. Buku la malangizo nalonso limati zipangizo, koma lidalembedwa kudziko lina, kumene mwina supageti amamera yekha m'mbali mwa msewu. Iyeyu adakulira pano. Adamenyedwapo ndi ankhazi omwewa chifukwa choumba kagalimoto ndi kondowole.

A Nyachirwa anadzuka. Anayenda pang'onopang'ono mpaka kutsogolo, nawerama, nayamba kutola tizidutswa tija kamodzikamodzi. Kalikonse amakauzira fumbi. Atatha anamanga pansonga ya chitenje. Kenako analankhula m'Chichewa, kuti mlendo amve bwino.

"Achimwene, kwanu ku Thyolo nyumba mumamangira mpunga?"

"Ayi amayi, izi n'zophunzirira basi. Si zodya."

"Si zodya." Anatenga paketi naitembenuza. "Nanga chithunzi cha mbalechi anajambulirapo chiyani?"

"Yewo," anatero Laston.

Mmodzi mwa amayi a pabenchi anaseka kudzera m'mphuno. Wina anali atayamba kale kukonza chitenje ngati munthu wofuna kunyamuka. Prisca anapempha mphindi khumi, nakoka Laston kupita naye panja.

"Tiwauze kuti tikamaliza akaphika," Laston ananong'ona ali pakhonde.

"Supageti wa selotepu, wogwiridwa ndi manja makumi anayi ndi asanu ndi atatu, wogwera mumchenga? Ukufuna tiwatukwane kawiri?"

"Chabwino. Nanga timitengo tija?" Analoza mulu wa timitengo umene unaimikidwa pamthunzi wa mango.

"Imeneyo ndi mbewu ya chinangwa. Ukathyolako kamodzi, ine ndithawira kumsewu ndikusiye wekha ndi yewo wakoyo."

Prisca anazungulira kuseri kwa makalasi. Anaona njerwa, zolemera. Anaona udzu, wofooka. Pakhoma la nyumba ya ahedi panatsamira mitolo iwiri ya bango louma, lokonzera mpanda wa bafa. Ahedi, amene tsiku lonselo amayesetsa kukhala kutali ndi benchi lija, anavomera msanga kuposa mmene Prisca amayembekezera. Zomangira zinachokera kwa atsikana omwewo. Aliyense wobwera panjinga anali ndi malegeni omangira katundu pakaliyala, ndipo Laston anawang'amba ndi lumo kukhala tizingwe.

Prisca anasonkhanitsa mapaketi onse, nawabweza m'bokosi, naika bokosilo pamwamba pa tebulo la aphunzitsi pamene aliyense akanaona kuti palibe akuligwira. Amayi amene amakonza chitenje aja anakhalanso pansi, koma m'mphepete mwa benchi.

Vuto linali lakuti bango Prisca samalidziwa. Za supageti anali nazo pamtima, kuti amapirira zochuluka bwanji akamakokedwa, kuti amathyoka liti akamapanikizidwa. Za bango, limene adagonera pamphasa zake zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, analibe nambala ngakhale imodzi. Anatalikitsa madesiki, najambula pabolodi mlatho wokhala ndi timitanda topingasa, nafotokoza kuti chinthu cha ngodya zitatu sichipindika msanga ngati cha ngodya zinayi. Amayamba chiganizo m'Chichewa, kuchipitiriza m'Chingerezi, n'kuchimaliza m'Chitonga, ndipo samakhulupirira kuti chafika chamoyo.

Koma atsikana anagwira bango. Bango si chakudya, si mbewu, ndipo palibe adamenyedwapo chifukwa cha bango. Posakhalitsa m'kalasi munadzaza phokoso la kudula, kukangana ndi kulandana lumo.

Gulu la pafupi ndi benchi linali la Queen, mwana womaliza wa a Nyachirwa, wa Fomu 2. Queen amamanga mothamanga, mfundo zake zili lendelende. Mayi ake anapirira kwa mphindi ngati zisanu.

"Iwe, umamanga ngati nkhunizo n'za munthu wina. Bweretsa kuno."

"Ama, n'za ana asukulu izi."

"Ana asukulu amamanga chonchi? Sendera."

A Nyachirwa anakhala pa desiki, nayamba kumanga mmene amamangira thandala lawo loyanikira usipa: mzati, mtanda, mzati, mtanda, ngodya zinayi zowongoka bwino, mfundo iliyonse yokoka ndi mano. Zinali zokongola. Amayi ena awiri anasendera kudzaona. Queen anakankhidwira kumapeto ena a mlathowo, kumene anapitiriza mwakachetechete ndi mfundo zake zaulesi, akuyang'ana pabolodi, akulowetsa timitanda topingasa m'chipinda chilichonse cha mlathowo.

Prisca anaima patali, akuona mlatho umodzi wokhala ndi mitu iwiri. Theka la ankhazi linali lomangidwa bwino koma lopangidwa molakwika. Theka la Queen linali lopangidwa bwino koma lomangidwa moipa. Tsiku lina funso lakuti ndi theka liti liyambe kugwa likanamusangalatsa, akanalilemba papepala n'kutumizira anzake. Lero yankho amalidziwa, ndipo theka loyamba kugwalo linali la dzanja loyenera kusayina pepala.

Anayesa kamodzi. "Ankhazi, mwina apa tikanaikapo kamtanda kopingasa."

"Thandala langa laima zaka zisanu. Lako laima zingati?"

Prisca anabwerera kubolodi.

Nthawi yoyesa itakwana, anayamba ndi magulu ena, dala. Laston amapachika ndowa pakati pa mlatho, Prisca amathira mchenga ndi kapu, atsikana amawerenga mokweza. Woyamba unagwa pa makapu asanu ndi limodzi. Wachiwiri pa khumi. Wachitatu unaterereka pa desiki ndowa isanalandire kanthu, ndipo eni ake anaseka mpaka kugwirana. Atsikana amakuwa mlatho uliwonse ukathyoka, koma pabenchi ung'ung'udzi umakula.

"Ola lonse kumanga, kenako kuthyola."

"Ndiye sukulu imeneyo."

"Bafa la ahedi likanatha ndi bango limeneli."

Wachinayi sunachedwe kugwa, wachisanu unafika makapu khumi ndi atatu. Unatsala umodzi.

Laston anapachika ndowa. A Nyachirwa anaima pambali pa mlatho wawo, manja atapinda pachifuwa. Prisca anathira kapu yoyamba pang'onopang'ono ngati akuthira mankhwala m'diso la mwana. Atsikana anawerenga. Khumi. Khumi ndi atatu. Khumi ndi anayi, ndipo anawomba m'manja chifukwa gulu la Queen linali litapambana kale. Pa khumi ndi asanu ndi limodzi Prisca anaona chimene amayembekezera. Mizati ya mbali ya ankhazi inayamba kutsamira, yonse pamodzi, pang'ono chabe, ngati anthu a m'minibasi pakona.

Anaika kapu pansi.

"Wapambana uwu," anatero. "Tisiyire pomwepa, nthawi yatha."

"Koma madamu, munati mpaka uthyoke," anatero mtsikana wina kumbuyo.

Prisca anayang'ana kapu ija. Amadziwa kuti akasiya, wanamiza atsikana makumi awiri ndi anayi pa tsiku loyamba, pa chinthu chokhacho chimene adabwerera kudzawaphunzitsa. Amadziwanso kuti akapitiriza, achititsa manyazi wapampando pamaso pa mwana wawo ndi pamaso pa gulu lawo. Anafunafuna njira yachitatu m'mutu mwake, koma munalibe.

"Ya ana a eni wathyola yonse," anatero a Nyachirwa. "Wangawu ukuuopa chiyani?"

"Ankhazi, wapambana kale."

"Thira."

Anathira. Khumi ndi asanu ndi awiri. Khumi ndi asanu ndi atatu. Atsikana anali atasiya kukuwa, amangowerenga chapansipansi. Pa kapu ya makumi awiri mlathowo sunathyoke mwaphokoso ngati ina ija. Unangogona. Theka la ankhazi linapindika lonse n'kukhala lathyathyathya, linachoka pa desiki, ndowa inagunda pansi, mchenga n'kumwazikira pamapazi pawo. Theka la Queen linalendewera pa desiki inayo, lili chimodzimodzi mmene analimangira.

Palibe anawomba m'manja. Laston anatsegula pakamwa, Prisca anamuponda phazi.

A Nyachirwa anawerama natola mlathowo. Anayesa mfundo yoyamba ndi chala. Anayesa yachiwiri, yachitatu, mpaka yomaliza.

"Mfundo zanga zilipo zonse."

"Zilipo, ankhazi."

"Bango silinathyoke."

"Silinathyoke."

"Ndiye chagwa n'chiyani?"

Prisca anali ndi yankho la m'buku, lamasamba atatu. Asanapeze poyambira, Queen anatola timabango tinayi totsala pa desiki, natimanga m'ngodya zinayi, napereka kwa mayi ake.

"Ama, kankhani apa."

Anakankha. Kanapindika mosavuta. Queen anakalanda, nakawongola, namangapo kabango kachisanu kuchokera pangodya ina kufika pa inzake, ndi mfundo zake zomwe zija zaulesi.

"Kankhaninso."

Anakankha. Sikanasunthe. Anakankha mwamphamvu, mitsempha ya padzanja ikuoneka. Anakatembenuza nakankha mbali ina. Amayi a pabenchi anali ataimirira onse, ndipo mmodzi anatambasula dzanja kuti ayeseko, koma a Nyachirwa sanamupatse.

"Thandala lanu silinyamula ndowa pakati, Ama," anatero Queen motsitsa mawu. "Komanso mizati yake ili m'dothi."

"Ndakufunsa?"

A Nyachirwa anapitiriza kuyang'ana kachinthuko. Prisca amamva mbuzi ikulira kubwalo la mpira, amamva lole ikudutsa kumsewu waukulu. Anayamba kukonza m'mutu mawu okauza akubungwe Lolemba.

"Pepala lija lili kuti?" anafunsa a Nyachirwa.

Laston analitulutsa m'chikwama mofulumira mpaka linang'ambika pakona. Anawapatsa ndi cholembera. Iwo sanasayine msanga. Anatembenukira kwa anzawo nalankhula nawo m'Chitonga, mwachidule, monga amalankhulira anthu amene agwirizana kale ndi maso. Kenako anabwerera ku Chichewa.

"Chinangwa atsikana azisenda Lachisanu akaweruka. Wosasenda, Loweruka asabwere." Analemba dzina lawo pang'onopang'ono, chilembo chilichonse payekha. "Kumanga mfundo ndidzawaphunzitsa ine, chifukwa izi n'zamanyazi. Ndipo bango tidzadula tokha kudambo. Ili la ahedili n'lofumbwa, n'chifukwa chake wagwa."

Prisca anayang'ana bango limene linali m'manja mwawo. Linali losalala, lolimba, lopanda kabowo ngakhale kamodzi. Anayang'ana Queen, amene amayang'ana denga.

"N'lofumbwadi, ankhazi," anatero, nalandira pepala ndi manja awiri.