Ufa wa Alendo

Gladson Muhowa ankagwira ntchito mu labotale ina ku Blantyre yopima zakudya. Analowa ngati wotsuka mabotolo, koma patatha zaka zisanu ndi zinayi akuluakulu anayamba kumusiyira sikelo ndi timapepala topimira. Mkazi wake Eneless ndi mwana wawo mmodzi yekhayo, Sophie, ankakhala kumudzi kwa mkaziyo, kuseri kwa Namadzi. Iye ankapitako kumapeto a mwezi.

Mu Januwale wa 2002 anapeza njala itakhazikika. Chimanga chinatha kale, madeya pamsika anali osowa, ndipo banja lonse linkadyera pamodzi kwa apongozi ake, mayi a Eneless. Chakudya chinali ufa wa chinangwa chowawa, cha m'munda wa kutsidya kwa mtsinje.

Loweruka masana, atangotha kudya, Sophie anadzandira n'kukhala pansi pakhonde.

"Ababa, nyumba ikuzungulira," anatero, kenako anasanza.

"Zayamba liti zimenezi, amake Sophie?"

"Sabata yachiwiri ino. Akadya basi, chizungulire. Kukacha ali bwinobwino."

Gladson kuntchito ankapima ufa wa chinangwa pafupipafupi, ndipo ankadziwa kuti chinangwa chowawa chili ndi poizoni amene amachoka pokhapokha chikaviikidwa m'madzi masiku atatu kapena anayi. Ankadziwanso lamulo la a Lajabu, mkulu wa labotale: sampulo ya ufa wokapima umatapa wekha ndi dzanja lako, pamwamba pa thumba, pakati, ndi pansi.

Koma thumba linali kuchipinda kwa apongozi. Pa zaka khumi za ukamwini wake Gladson anali asanapondepo m'nyumba imeneyo. Akakumana panjira, mayiwo ankapatukira m'thengo, iye n'kuyang'ana kumbali. Mawu awo ankadutsira mwa Eneless.

"Kawapemphe amayi andigawireko ufa pang'ono wa womwe mukudyawu. Ndikaupime kuntchito."

Eneless anakhalitsako. Pobwera ananyamula ufa m'pepala la shuga lomangidwa bwino ndi luzi. Kuseri kwa khitchini kunamveka mawu a apongozi, akulankhula ndi mwana wawo koma mokweza kuti mkamwini amve.

"Uwauze abambowo kuti ndi kaufa kosauka. Asakatiseketse kwa mabwana awo."

Lolemba, ntchito ya tsikulo itatha, Gladson anapempha chilolezo kwa a Lajabu. Anatapa ufa wochepa ngati wodzaza chikhadabo n'kuuyeza pa sikelo. Anauthira m'kabotolo momwe munali kale kapepala ka mankhwala, anadonthezamo madzi, kenako anaimikamo kapepala kena kachikasu osakhudza madziwo, n'kutseka zolimba. Poizoni akakhalamo amakwera ngati mpweya ndipo kapepalako kamada. Kuda kwake amakuyerekeza ndi tchati cha mitundu khumi, kuyambira chikasu mpaka mtundu wa njerwa yopsa.

Timoti, mnzake wa pa benchi yoyandikana, anatsina ufa wotsalawo n'kuununkhiza.

"Achimwene, ufa woyera chonchi chaka chino? Inu mukudya bwino kumudziko. Apongozi anu alibenso mwana wina wamkazi?"

"Alipo, koma safuna amuna a mimba ngati yakoyo."

Mmawa mwake kapepala kanali kachikasube, kongothimbirira pang'ono. A Lajabu anakaika pa tchati, magalasi ali pamphuno.

"Sikakufika ngakhale pa mtundu wachiwiri. Ufa uwu ngakhale khanda likhoza kudya. Unatapa wekha?"

Gladson anazengereza pang'ono. Kufotokoza za apongozi mu labotale, pamaso pa Timoti, kunamuchititsa manyazi.

"Eya, bwana."

Tsiku lomwelo analemba kalata n'kupatsira kondakitala wa minibasi ya ku Zomba kuti akaisiye pa golosale ya pa Namadzi. Analemba kuti ufa ulibe vuto, apitirize kudya, ndipo mwana amugulire mankhwala a malungo. Anasainira dzina lake lonse, monga ankachitira pa mapepala a kuntchito.

Patatha masabata atatu kondakitala yemweyo anabwera ndi yankho la mizere iwiri. Sophie anadzuka miyendo itauma.

Gladson anafika kumudzi dzuwa lili pamutu. Sophie atamuona anafuna kumuthamangira monga mwa masiku onse. Anaimirira atagwira mzati, n'kuyamba kuyenda monyang'ama, zidendene zosagunda pansi, maondo akugundana. Atayenda mapazi anayi anagwa. Sanalire. Anaseka mwamanyazi, akusansa fumbi pa diresi.

"Sikupweteka, ababa. Yangokana basi."

Pamkeka panali mbale ya zotsala za m'mawa. Gladson ananyema pang'ono n'kulawa. Zinali zotuwa ngati phulusa, ndipo kuwawa kwake kunakakamira kukhosi.

"Amake Sophie, ufa umene unandipatsa uja ndi womwewu?"

Eneless anayang'ana pansi.

"Ndikufunsa."

"Amayi ndi amene anatapa. Ine ndinangomanga."

Gladson anadzuka n'kulunjika kunyumba ya apongozi. Eneless anamuthamangira.

"Bambo a Sophie, mukupita kuti? Amayi ali momwemo! Anthu atiyesa chiyani?"

Sanaodire n'komwe. Anawerama pakhomo n'kulowa. Mayiwo anali pamphasa, ndipo atamuona anafunda chitenje kumutu n'kutembenukira kukhoma. Pakona panali thumba la feteleza lofika theka, la ufa wotuwa. Pamwamba pa mtanda panali chitini cha mkaka chovundikira bwino. Anachitsitsa n'kutsegula. Ufa woyera, wosalala, uja Timoti anausirira.

Kwa nthawi yoyamba analankhula nawo mwachindunji.

"Amayi, uwu ndi uti?"

Anayankha ali chiyang'anire kukhoma.

"Ndi wa alendo, bambo. Ndinaviika masiku anayi Khirisimasi isanafike. Ndimati pakabwera munthu tisachite manyazi."

"Nanga wa m'thumbawu?"

"Umenewo timakumba m'mawa, kusenda, kusinja, kuyanika, madzulo tadya. Masiku anayi mwana angadikire ndi chiyani m'mimba? Komanso ukaviika kumtsinje chaka chino, ukapeza anthu avuula."

"Ine ndinapempha womwe mukudya."

"Munapempha, bambo, sindikana. Koma ufa wakuda ngati uwu upite ku Blantyre, pa tebulo la anthu ophunzira, ati wachokera kwa apongozi a Muhowa? Ndinati ndikuchitireni ulemu." Anapuma kaye. "Kalata yanu itabwera ndinamuuza Eneless kuti uwo wa alendo ndi chinangwa chomwecho, munda womwewo. Ngati makina avomera, ndiye kuti avomera."

Gladson anafuna kukalipa, koma mawu a a Lajabu anamubwerera, pamodzi ndi "eya" wake uja. Anagwada pa thumba, anapinda malaya, n'kulowetsa dzanja. Anatapa pamwamba, pakati, ndi pansi penipeni. Asanabwerere anakumba yekha chinangwa, anachiviika mu mgolo kuseri kwa nyumba, ndipo anagula madeya ochepa oti adye podikira masiku anayiwo.

Ku labotale kapepala sikanadikire n'komwe kuti kuche. Pofika nthawi yoweruka kanali katayamba kufiira, ndipo mmawa kanali ngati njerwa. Timoti sananene nthabwala. A Lajabu anayang'ana tchati, kenako anayang'ana Gladson.

"Nyumba yomweyo?"

"Yomweyo, bwana. Poyamba paja sindinatape ndine."

A Lajabu anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali. "Pita ukamutengere mwana kuchipatala. Tenga kapepalaka ukawaonetse madokotala."

Dokotala anamugogoda Sophie pa maondo ndi kanyundo, miyendo n'kumadumpha yokha. Anati matendawo sapitirira ngati asiya kudya ufa wotero, koma pomwe pawonongeka sipabwerera. Gladson anafunsa ngati masabata atatu akanasintha kanthu. Dokotalayo anati sangadziwe, ndipo anaitana wodwala wotsatira.

Chimanga chinacha mu Epulo. Sophie anabwerera ku sukulu ndi ndodo ziwiri za bulugamu zimene bambo ake anasema, ndipo ulendo wa mphindi makumi awiri unkamutengera ola lathunthu. Mwezi uliwonse Gladson akafika, apongozi sankathawiranso kuseri. Ankabwera n'kukhala pakhonde pomwepo, maso ndi maso, ngati anthu amene alibenso chobisirana. Nkhani sizinkabwera. Onse awiri ankangoyang'ana kunjira, kudikira kuti amve kugogoda kwa ndodo.